Zitsime Naini pa Kompyuta ya a Lorenso

MUTU 7

1. Kiyi wa ofesi

Lachisanu pa 11 Novembala 2022, a Fanuel Lorenso anaitanira mwana wawo Emelia ku ofesi ya zaumoyo. Nthawi inali 3 koloko masana, ndipo malata a kaofesiko ankathetheka ndi dzuwa la m'chigwa.

A Lorenso anali mlangizi wa zaumoyo m'midzi isanu ya kumunsi kwa Ngabu. Ntchitoyi anali ataigwira zaka 23. Chaka chimenecho kolera inali itavuta m'maboma ambiri, choncho iwo ankayang'anira kwambiri zitsime naini zimene anthu a m'midziyo ankamwa. Koma maso awo anali atachita ng'ala. Mawa lake ankanyamuka kupita ku chipatala ku Blantyre kuti akawachotse ng'alayo, ndipo akazi awo ankapita nawo kukawadwazika.

Emelia anali ndi zaka 16 ndipo anali mu Fomu 3. Kusukulu kwawo makompyuta anali atatu, ophunzira 64. N'chifukwa chake bambo ake ankamulola kuphunzira kutaipa pa kompyuta ya ku ofesi Loweruka lililonse.

Kompyutayo sinali ngati zina. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, ndipo kamuvi ka mausi kanali kakakulu ngati chala chamanthu. Chithunzi chakumbuyo sichinali maluwa kapena phiri. Chinali mapu ojambula ndi manja, osonyeza msewu, mtsinje, midzi isanu ndi zitsime naini. Pa chitsime chilichonse panakhala foda imodzi yachikasu yokhala ndi nambala, kuyambira 1 mpaka 9.

A Lorenso anayandikitsa nkhope pagalasi n'kuyamba kuloza ndi chala.

"Khala pansi undimvere, mwanawe," iwo anatero. "Lero m'mawa ndatunga madzi m'zitsime zonse naini. Mabotolo ndawatumiza kale kuboma kuti akawayeze. Akubomawo sadziwa mayina a zitsime zathu, amangodziwa nambala ya pabotolo. Ndiye ine ndikatunga botolo wani pa mjigo wa kusukulu, foda wani ndimaikokera pa mjigo wa kusukulu. Botolo thuu pa tchalitchi, foda thuu pa tchalitchi. Ulendo wina manambala amasintha, chifukwa njinga siyenda njira imodzi masiku onse."

"Bwanji osangolemba m'kope, Ababa?"

"Kope ndinalisiya chaka chatha. Ndimalemba, koma zimene ndalembazo sindizionanso. Pano pokha ndi pamene maso anga akugwira. Mapu enieni a pepala anapita ndi madzi mu Januwale, anatsala ndi awa ndinawatola pafoni. Lolemba uthenga ukabwera, amayi Priska anzanga a ntchito adzayang'ana pano kuti adziwe chitsime chotseka."

Anatulutsa kiyi m'thumba, koma sanamupatse msanga.

"Mawa ubwere utaipe za kusukulu monga mwa masiku onse. Lolemba m'mawa ukapereke kiyi kwa amayi Priska. Koma chimene wachipeza pagalasi apa, uchisiye mmene chilili. Ndikudziwa kuti kwa inu achinyamata n'zonyansa. Munthu ukalowa m'munda wa mnzako n'kupeza mwala pakati pa mizere, suuchotsa. Mwina ndi malire, mwina pansi pake pali dzenje. Mwiniwake ndiye akudziwa. Ndipo chinthu chikakulakwika, usachikonze mobisa. Undiimbire. Ndidzakalipa, inde, koma kukalipa kwa bambo sikunaphepo munthu. Safunsa anadya phula. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

2. Loweruka

Makolo ake ananyamuka 6 koloko m'mawa, n'kumusiya ndi azakhali ake. Cha m'ma 2 koloko masana Emelia anatsekula ofesi. Sanali yekha. Mnzake wa m'kalasi, Jesinta Gilbert, anali atamutsatira.

Jesinta anali wochenjera pa zamakompyuta kuposa anyamata onse a Fomu 3, ndipo pakamwa pake sipankakhala chete. Galasi litangoyaka anagwa nako kuseka.

"Iwe, n'chiyani ichi? Kompyuta ya agogo?"

"Ndi ya Ababa. Maso akuwavuta."

"Zilembo ngati chikwangwani cha pamsika wa thonje. Munthu ali ku Nsanje atha kuwerenga kalata yako. Ndiye umataipa pamenepa? N'chifukwa chake mayeso unapeza 38."

"Ndinapeza 48."

"Kusiyana kwake kuli pati? Tasuntha ndikuonetse. Aphunzitsi anati mayeso a teremu ino mudzakhala funso la kusintha maonekedwe. Udzalemba chiyani, poti sunayesepo?"

Emelia anayang'ana kukhomo. "Ababa anakaniza."

"Ababa anadutsa kalekale pa Thabwa, pano ali ku Blantyre. Tikatha tibwezera. Chilichonse pakompyuta chimabwerera, mnzanga. Si mphika uwu woti ukasweka wasweka."

Emelia anasuntha, koma mausi anaigwira yekha. Jesinta ankangomuuza podina.

Anayamba ndi zilembo. Anazichepetsa mpaka zinakhala ngati za m'buku. Kenako anachepetsa kamuvi. Mzere wa m'munsi, umene unali wakuda, anausandutsa wapepo. Pomaliza anatsekula malo a zithunzi n'kusankha cha mzinda wa nyumba zosanja, magetsi ali ngwee m'mphepete mwa nyanja. Mapu aja anazimiririka.

Emelia anamwetulira. Kompyuta inkaoneka ngati za m'mabanki.

"Tsopano chatsala ndi mbuzi zakozi," Jesinta anatero, akuloza mafoda achikasu aja. Popanda mapu kumbuyo kwawo, ankaoneka ongomwazikana, ina pamwamba pa nyumba, ina m'madzi. "Zabalalika ngati za ku Chapananga nthawi ya chilimwe. Zilowetse m'khola. Dina batani lakumanja, usankhe pondandalika potsata mayina."

Emelia anadina. Mafoda onse naini anathamangira kumanzere n'kuima pamzere umodzi, 1 pamwamba, 9 pansi.

"Waona? Ukhondo," Jesinta anatero. Anaimirira n'kudzikuntha siketi. "Ndapita ine. Amayi ali kudimba, Miracle ndamusiya ndi aneba. Akalira ndifa ndine."

Miracle anali mng'ono wake wa Jesinta, wa zaka zinayi.

3. Mafoda awiri

Atatsala yekha, Emelia anayamba kubwezera. Zilembo zinakulanso. Kamuvi kanakulanso. Mzere wa m'munsi unadanso. Mapu anawapeza m'gulu la zithunzi zimene zagwiritsidwa ntchito posachedwa, ndipo anabwerera bwinobwino.

Koma mafoda sanabwerere. Anangoima kumanzere kuja, ndipo zitsime naini zinali mbee pamapu.

Anadina pobweza zimene wachita. Palibe chinasintha. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Mzere wa mafoda uja unali pomwepo. Anatsekula foda iliyonse kufuna dzina la chitsime, koma zonse zinali zopanda kanthu mkati. Ntchito yawo inali kungokhala pamalo, basi.

Anachotsa chongondandalika chija n'kuyamba kukoka foda imodziimodzi. Wani pa mjigo wa kusukulu. Thuu pa tchalitchi. Zimenezi bambo ake anazitchula. Zina zisanu anazikumbukira chifukwa chala chawo chinadutsapo dzulo lake iye akuona.

Panatsala mafoda awiri, 4 ndi 7. Panatsalanso zitsime ziwiri za kumunsi kwa mapu, kumene chigongono cha bambo ake chinkatchinga: chitsime cha kwa Antonio ndi chitsime cha Kumadimba.

Anatulutsa foni ya azakhali ake, imene anamubwereka kuti azimva za ulendo. Mayunitsi analimo. Anaimba, ndipo mayi ake anayankha.

"Tafika 1 koloko, mwanangu. Awapatsa bedi. Akuti diso aligwira Lolemba, koma magazi akuthamanga ndiye mwina atisunga mpaka Lachisanu. Ababa ako ali pompano. Ndiwapatse?"

Emelia anayang'ana mafoda awiri aja.

"Ayi, asiyeni apume."

"Kuli vuto kumeneko?"

"Nkhabe, kulibe vuto, Amayi. Ndimangofuna kumva ngati mwafika bwino."

Atadula foni anakokera 7 pa chitsime cha kwa Antonio, 4 pa cha Kumadimba. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kuzisintha. Anayang'ananso, n'kuzibwezera ngati poyamba. Pamapu panaoneka ngati sipanakhudzidwe. Zitsime zilipo naini, anadziuza, ndipo choipa chingakhale chilichonse. Anazimitsa kompyuta nthawi ili 4:20, n'kukhoma chitseko.

4. Minga pa chitsime

Lolemba pa 14, asanapite kusukulu, Emelia anapereka kiyi kwa amayi Priska Rodgers. Amayiwa anali aatali, osachedwa kulankhula, ndipo anali atagwira ntchito ndi a Lorenso zaka 11.

"Zonse zili bwino mu ofesimo?" iwo anafunsa.

"Zili bwino, amayi."

Poweruka masana, Emelia ndi Jesinta anadzera njira ya kwa Antonio. Pachitsime anapeza matabwa atatu atakhomedwa pakamwa, minga ya mthethe itaunjikidwa pamwamba. Fungo la kolorini linkamveka patali.

Amayi Priska anali pomwepo, akutsutsana ndi amayi a m'mudzi.

"Chitsime ichi tamwa zaka makumi awiri," mayi wina ankatero. "Lero chalakwa chiyani?"

"Uthenga wabwera 10 koloko. Zitsime eyiti zili bwino, chimodzi chili ndi tizilombo, ndipo ndi chino. Kolorini yense amene ndinali naye ndathira muno. Wina abwera Lachisanu. Pakadali pano katungeni Kumadimba, kumeneko madzi ndi abwino."

Emelia anasendera pafupi. "Amayi, akuti botolo nambala chani?"

"Seveni. Wafunsiranji?"

"Palibe."

Jesinta anadandaula njira yonse. Banja lawo linali limodzi la mabanja 60 amene ankamwa kwa Antonio. "Makilomita awiri ndi ndowa pamutu, dzuwa ili. Ababa ako atipha ndi mabotolo awowo." Za Loweruka anali ataiwala kale. Sankadziwa kuti mafoda aja anali ndi tanthauzo, ndipo Emelia sanamuuze.

Madzulo amenewo foni ya azakhali inali pa shelefu. Emelia anaidutsa kangapo. Sanaigwire.

5. Lachitatu ndi Lachinayi

Lachitatu pa 16 Jesinta sanabwere kusukulu. Emelia anamva pa nthawi yopuma kuti Miracle wayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza kuyambira m'bandakucha, ndipo amutengera pa kabaza ku tenti ya odwala kolera imene inali kuseri kwa ofesi ya zaumoyo.

Pofika masana odwala m'tentimo anali asanu. Anayi anali a m'mabanja a kwa Antonio.

"Mwaona tsono," anthu ankatero m'njira. "Anamwa chitsime chija asanatseke. Amayi Priska atipulumutsa. Pakanapanda iwo bwenzi titatha tonse."

Emelia anamva mawuwo n'kuwagwiritsitsa. Mwina anaika bwino. Chakudya chamadzulo anangochitosa, ndipo azakhali ake anaganiza kuti ndi kutentha.

Lachinayi pa 17, nthawi ili 6:15 m'mawa, kulira kunamveka kuchokera ku tenti. Miracle anali atamwalira.

Emelia sanapite kusukulu. Anavala chitenje n'kupita kusiwa ndi azakhali ake. Azaumoyo anali atanena kuti thupi aliika okha masana omwewo, komanso kuti pasaphikidwe chakudya. Koma anthu anabwera ndithu, a m'midzi yonse isanu ndi achibale a kutsidya kwa Shire. Pofika 9 koloko anali oposa mazana awiri, atakhala padzuwa. Chakudya angachiletse, koma ludzu la Novembala sililetseka.

Pansi pa mtengo wa nimu anaikapo migolo iwiri ya buluu ndi makapu atatu. Amayi ankabwera pamzere, ndowa pamutu, n'kumakhuthulira m'migolomo.

"Madziwa akuchokera kuti?" Emelia anafunsa azakhali ake.

"Kumadimba. Nanga kwina kuti? Tatenga ndowa nawe ukathandize anzako."

Bambo wina wachikulire anatunga kapu, anamwa, n'kupatsira mdzukulu wake. Emelia anaona khosi la mwanayo likumeza. Anaika ndowa pansi n'kuyamba kuthamanga.

6. Botolo seveni

Amayi Priska anawapeza pakhomo la ofesi akusamba m'manja. Maso awo anali ofiira, poti anali asanapume masiku awiri.

Emelia ananena zonse ataimirira: zilembo, chithunzi cha mzinda, mzere wa mafoda, ndi awiri amene anawaika mongoganiza. Dzina la Jesinta sanalitchule.

Amayi Priska anapukuta manja, anatulutsa foni, n'kuimbira mayi a Emelia. Anatsegula sipika.

"A Lorenso, pepani ndakuvutitsani muli pabedi. Botolo seveni munatunga kuti?"

Mawu a bambo ake anamveka ofooka koma osakayika. "Seveni? Kumadimba. Ndikukumbuka chifukwa tcheni cha njinga chinaduka pomwepo. Kwa Antonio ndinatunga folo. Koma zonsezi zili pamapu, amayi. Chachitika n'chiyani?"

"Ndikuimbiraninso," anatero amayi Priska, n'kudula.

Anaitana mnzawo wa m'tenti. "A Limbani, kwerani njinga mupite kusiwa. Migolo iwiri ija mukaigubuduze, musafunse munthu. Mulembe dzina la aliyense amene wamwa." Kenako anatembenukira kwa Emelia.

"Ndilibe nthawi yokukalipira, ndiye umve kamodzi. Kusintha chithunzi si mlandu waukulu. Ana amagwiragwira zinthu, ifenso tinagwiragwira. Bambo akonso ali ndi mbali yawo, poti moyo wa midzi isanu sausunga pamalo amodzi, ndipo ine amene ndinkaona n'kumangokhala chete ndili ndi yanga. Zimenezo tidzayankha kuboma. Koma iwe unadziwa Loweruka kuti sukudziwa. Unandipatsa kiyi Lolemba, ndinakufunsa, unati zili bwino. Unamva nambala pachitsime, unati palibe. Ukanangosiya mafodawo pamzere, ine ndikanaona kuti pasokonekera n'kuimba foni. Chimene chatipweteka si kusokoneza, ndi kukonza kwakoko. Unapanga bodza looneka ngati zoona, ndipo ine ndinalinyamula ndi pakamwa panga kukauza mabanja 60 kuti akamwe Kumadimba. Ngati mwana uja wafa ndi madzi amenewo kapena ndi ena, ine sindingalumbire, iwenso sudzadziwa. Udzakhala nazo choncho. Madzi akatayika saoleka. Tingathe kungotchinga amene atsala."

Emelia anafunsa kuti, "Ndipite kunyumba, amayi?"

"Kunyumba? Kwera apa."

Anamukweza pakaliyala ya njinga yawo, matabwa ndi hamala atamangirira pa chimango. Ulendo wa Kumadimba unatenga mphindi 12.

"Lolemba ndinawauza amayi aja kuti kwa Antonio n'koipa, Kumadimba n'kwabwino," amayi Priska anatero akupalasa. "Lero ndikawauze kuti ndinatembenuza? Sandimvera. Anena kuti azaumoyo tapenga, ndipo ndikachoka achotsa minga. Amva pokhapokha adziwe mmene zinalakwikira. Ukanena ndiwe, ndi pakamwa pako."

Pachitsime panali amayi ndi atsikana pafupifupi makumi atatu. Ndowa zinali pamzere kuchokera pa chitsime mpaka pa nthochi za m'dimba loyamba. Ataona yunifolomu ya amayi Priska, macheza anatha.

"Siyani kutunga," amayi Priska anatero. "Mwana wa a Lorenso ali ndi mawu."

Amene anali pa chingwe anatembenuka, chigubu chodzaza chili m'manja. Anali Jesinta. Maso anali atatupa, ndipo m'chiuno anamanga kansalu kamene ankaberekera Miracle.

"Emelia," iye anatero ndi mawu osasa. "Wabwera kudzandithandiza? Gwira uku, manja anga atopa."

Emelia anatsika panjinga. Chingwe sanachigwire.

"Tula pansi madziwo, Jesinta," anatero. "Ndiyambire Loweruka, utachoka iwe."